Masiku odandaulira zotsatira za ukhansala ndi angati, nanga amayambira pati?

Nabanda, Kasungu boma

Moni nonse. Amene mumadziwa za malamulo ndithandizeni msanga, chifukwa kwathu kuno aliyense akunena zake ndipo mutu wanga wayamba kuzungulira.

Atsibweni anga, alongo awo a mayi, anapikisana nawo pa mpando wa khansala pa chisankho cha pa 16 September 2025, anaima paokha opanda chipani. Wodi yake sinditchula, koma ndi ya kumudzi, m'boma la Kasungu lomwe lino. Ine ndi amene ndinkasunga mapepala awo onse, poti m'banja mwathu ndine ndinapitako patsogolo ndi sukulu, komanso foni yanga ndiyo ili ndi malo osungira zithunzi. Usiku wa chisankho mamonita athu ankajambula mapepala a zotsatira pa senta iliyonse n'kumanditumizira pa WhatsApp, ine n'kumaphatikiza m'kope la masamu la mwana wanga. Mwa kuphatikiza kwanga, atsibweni anali patsogolo, ngakhale mosatalikira kwenikweni.

Dzana tamva pa wailesi kuti agonja ndi mavoti 38. Nditabwerera m'kope muja ndapeza kuti nkhani yonse yagona pa senta imodzi. Pa chithunzi cha monita wathu atsibweni ali ndi 174, koma pa zomwe zinakaphatikizidwa kumtunda ali ndi 114. Kusiyana kwake ndi 60, ndiye mukuona nokha kuti 60 akanabwerera m'malo mwake, wopambana akanakhala wina. Mwina munthu anangowerenga 7 ngati 1 chifukwa cha tulo ndi nyali yosawala, mwina ndi zina. Ine sindikuloza chala aliyense.

Tsono vuto langa ndi ili. Aphunzitsi ena opuma a m'mudzi mwathu akuti nthawi yodandaulira ndi maola 48 basi, ndiye akuti tachedwa kale, tingoiwala. Mnyamata wina amene ankathandiza kampeni akuti ayi, makhansala ali ndi masiku 21, iye anamva pa wailesi ndi makutu ake. Achimwene anga aakulu akuti tisathamange, atsibweni analemba kale kalata yodandaula kwa oyendetsa chisankho, tidikire yankho, kuona maso a nkhono n'kudekha. Alamu anga akuti mawa tingopita kukhothi la pa boma pompano tikalembetse mlandu. Eni akewo, atsibweni, angoti kakasi. Mtima wawo wabwerera ku nazale ya fodya, akuti kampeni inawadyera nthawi ndipo mbande zayamba kufota.

Zoona zake ndi ziti? Masiku ndi angati, ndipo timayamba kuwerenga kuyambira liti, tsiku lovota lija kapena dzana? Timapita khothi liti? Komanso poti atsibweni ali kumudzi ndipo BP ikuwavuta, kodi ine ndingakapereke dandaulolo m'dzina langa? Inenso ndinavota mu wodi yomweyo.

Kalaliki wopuma, Area 25

Nabanda, pepani ndi zimenezi. Ndinene kaye kuti sindine loya. Ndinagwira ntchito nthawi yaitali mu ofesi ya maloya, ndikulemba mapepala ndi kukawapereka kukhothi, ndiye njira imeneyi mapazi anga amaidziwa.

Ndi masiku 7. Ndipo m'masiku 7 amenewo, Loweruka, Lamulungu ndi tsiku latchuthi amawerengedwa nawo. Lamulo lake ndi Presidential, Parliamentary and Local Government Elections Act la 2023, limene linaphatikiza malamulo awiri akale, lija la zisankho za pulezidenti ndi aphungu ndi lija la makhansala. Limati amene akuona kuti mnzake walengezedwa kukhala wopambana mosayenera akapereke dandaulo lake ku High Court m'masiku 7 chilengezereni zotsatira. Anthu amagwa pa Loweruka ndi Lamulungu pamenepo. Amawerenga masiku a ntchito okhaokha monga mmene tinazolowerera ku maofesi, n'kumadziona ngati ali ndi sabata ndi theka, pamene ali ndi sabata imodzi yeniyeni.

Aphunzitsi aja sakunama dala, kungoti akukumbukira zakale. Lamulo loyamba lija la zisankho za pulezidenti ndi aphungu linkanenadi za maola 48, koma linasinthidwa, moti pofika chisankho cha 2019 anali kale masiku 7. Mnyamata wa masiku 21 uja naye anamvadi pa wailesi, koma anamva za chinthu china. Masiku 21 ndi nthawi imene MEC, bungwe loyendetsa zisankho, imapatsidwa kuti ilengeze zotsatira za makhansala kuchokera pa tsiku lovota. Za pulezidenti ili ndi masiku 8, za aphungu 14, za makhansala 21. N'chifukwa chake za pulezidenti tinazimva pa 24 September, pamene zanuzi zachedwa chonchi. Masiku 21 amenewo ndi a MEC, si a atsibweni anu. Mnyamatayo ndi amene akundiopsa kuposa onse amene mwawatchula, chifukwa mukamumvera mudzafika kukhothi chitseko chitatsekedwa kale.

Kuwerenga kumayamba pamene MEC yalengeza. Pepala limene linamatidwa pa senta usiku wa chisankho, kapena zimene munamva pamalo ophatikizira zotsatira za dera lanu, zimenezo zinali zisanatsimikizidwe. Chilengezo chenicheni ndi chija chinachokera ku BICC kuno ku Lilongwe, malo amene MEC inkalengezerako zotsatira za dziko lonse. Choncho musawerenge kuchokera pa 16 September. Koma musawerengenso kuchokera tsiku limene inuyo munamva. Wailesi imabwereza nkhani, ndipo nthawi zina amalengeza usiku anthu atagona, ena n'kudzamva mawa lake. Fufuzani lero lomwe tsiku lenileni limene wodi yanu inatchulidwa, pa tsamba la MEC la pa Facebook kapena ku ofesi yawo ya pa boma. Mwina "dzana" lanulo ndi tsiku lachiwiri kale.

Maloya amatha kukangana ngati tsiku lolengeza lenilenilo limawerengedwa kapena ayi. Mkangano umenewo asiyireni eni ake. Inu liwerengeni ngati tsiku loyamba, mukhale kumbali yotetezeka. Tiyerekeze kuti analengeza Lolemba. Mwa kuwerenga kumeneku tsiku la 7 ndi Lamulungu, ndipo Loweruka ndi Lamulungu ofesi yolandira milandu siitsegula monga masiku onse. Ndiye tsiku lanu lomaliza lodalirika ndi Lachisanu, kutanthauza kuti m'manja muli masiku asanu okha. Chotsanipo tsiku lofufuza loya, chotsanipo tsiku loti loyayo alembe, chotsanipo la ulendo. Mwatsala ndi chiyani? Achimwene anu auzeni mwaulemu kuti nkhono imeneyi ikadzatulutsa maso, masiku adzakhala atatha.

Za kalata ija. Ndi bwino kuti analemba, isungeni kope yake, idzathandiza kuonetsa kuti sanayambe kudandaula atamva kuti agonja. Malamulo aakulu a dziko lino amapatsadi MEC mphamvu yomva madandaulo, ndipo amene sanakhutire ndi chigamulo chake akhoza kukachita apilo ku High Court. Koma kudikira yankho la kalata uku masiku 7 akutha ndi kutchova juga ndi mpando wa atsibweni anu. Zotsatira zikalengezedwa, yang'anani kukhothi. Kalata iziyenda yokha, inu muziyendanso.

Khothi la majisitireti la pa boma silingakuthandizeni pa nkhaniyi, lamulo latchula High Court. Maofesi ake olandira milandu ali ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndiye inu a Kasungu, pamodzi ndi anzathu a Mchinji, kwanu ndi ku Lilongwe. Ndi ulendo wa makilomita oposa 120 pa M1, si ulendo wonyamuka dzuwa litapendeka.

M'dzina lanu ayi. Dandaulo la mtundu umenewu limakhala m'dzina la munthu amene anapikisana nawo, kapena amene akuti ndiye anayenera kusankhidwa. Kuvota kokha sikukupatsani mpata umenewo. Inu mukhoza kuthamanga ndi mapepala, kulipira thiransipoti, kukhala mboni pa za kope lanulo, koma wodandaula ndi atsibweni, ndipo adzafunika kusaina ndi kulumbira okha. Nazale apatseni ana athirire.

Wa soya, Kamwendo

Achemwali, ine ndilankhula monga mlimi, mundikhululukire. Musanakwere minibasi khalani pansi ndi cholembera muwerengere ndalama. Loya sagwira ntchito ya ulere, ndipo mlandu ukayamba si ulendo umodzi wa ku Lilongwe. Mboni zanu muzidzazinyamula nokha, kuzidyetsa nokha, kuzigoneka nokha. Mukagonja, khothi likhoza kulamulanso kuti mulipire zimene mbali inayo yawononga. Zonsezi pofuna mpando wa khansala, umene ngakhale malipiro ake ndi kangachepe kongothokoza. Mwezi uno ndi wogula feteleza, mvula ili pafupi.

Ndiponso kupereka dandaulo msanga sikutanthauza kuti chigamulo chibwera msanga. Kumbukirani za Lilongwe City South East. Chisankho chinachitika mu May 2014, a Ulemu Msungama anadandaula, khothi linati mavoti awerengedwenso, kenako nyumba yosungira mabokosi a mavoti inapsa. Chisankho chobwereza chinadzachitika mu October 2017. Anapambanadi, koma zaka zitatu zinali zitapita, mnzawo ali m'nyumba ya malamulo. Ameneyo anali wa chipani chachikulu chokhala ndi maloya ake. Nanga atsibweni anu oima paokha?

Dziko lino linakhalapo opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014 ndipo dzuwa linkatuluka ndithu. Ine ndikanati agwire fodya wawo, akonzekere 2030. Anthu a m'wodi akudziwa kale amene anamuvotera.

Mayi a mapasa, Mkanda

Bambo a ku Kamwendo, za ndalama mwanena zoona, koma mawu oti dzuwa linkatuluka ndithu sindikugwirizana nawo. Zaka zimene kunalibe makhansala zija, mjigo ukawonongeka kapena mlatho ukakokoloka tinkasowa woyamba kumuuza. Ndiponso kusankha kuti apitirize kapena asiye ndi kwa atsibweni awo a Nabanda. Chofunika n'chakuti asankhe okha masiku asanathe, osati kalendala iwasankhire.

Nabanda mwana wanga, ine ndinakhalapo monita mu 2019 kuno ku Mchinji, ndiye ndikuuze za mapepala. Chithunzi cha pa WhatsApp n'chabwino koma pachokha n'chopepuka. Mbali inayo idzangoti chinakonzedwa pa kompyuta. Chimene ukufuna ndi pepala lenilenilo limene monita wanu anapatsidwa pa senta ija atatha kuwerenga, lokhala ndi siginecha ya mkulu wa pa senta ndi za mamonita a anthu ena. Mufunse monitayo lero ngati akadali nalo. Ambiri akaona kuti munthu wawo wagonja amakulungira mapepala aja bonya kapena kuyatsira moto. Likapezeka, musalembepo kanthu, musadindirize manambala ndi cholembera kuti aoneke bwino, ngakhale atafufutika chotani. Lijambulitseni fotokope, lenilenilo likhale mu envulopu. Foni ya monitayo isafufutidwe zithunzi, chifukwa m'menemo ndi mmene mukuoneka tsiku ndi nthawi imene anajambula.

Ufunsenso mamonita a opikisana ena amene anagonja nawo limodzi. Iwo alibe chotaya, ndipo ngati mapepala awo akunenanso 174, ndiye kuti si mawu a banja lanu lokha. Umenewo ndiwo umboni umene umalemera.

Mlandu waukulu uja wa chisankho cha pulezidenti cha 2019 tonse timaukumbukira chifukwa cha Tipp-Ex ndi chigamulo cha pa 3 February 2020, koma anthu amaiwala chiyambi chake. Zotsatira zinalengezedwa pa 27 May, ndipo a Chilima ndi a Chakwera anali atafika kale kukhothi sabata isanathe. Kumva mboni kunayamba mu August n'kutha mu December, apilo inadzagamulidwa pa 8 May 2020, tinakavotanso pa 23 June. Chaka chathunthu chimenecho chinatheka chifukwa cha masiku ochepa oyambirira aja. Ndipo chimene chinanyamula mlanduwo ndi mapepala a pa senta amene mamonita anasunga, ife amene tinkagona pa mabenchi a sukulu ndi tochi m'manja.

Za kukomiti ya zipani ija imene imakumana kwa a DC, kapena kwa a mfumu, kapena kwa abusa, pitaniko ngati pali mkangano woti anthu angamenyane. Koma onsewo sangasinthe nambala imene yalengezedwa.

Nabanda, Kasungu boma

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu bambo a ku Area 25. Ndafufuza monga munanenera, ndipo zoonadi wodi yathu inatchulidwa usiku, ife tinamva kubwereza kwa mmawa. Ndiye tsiku limodzi linatidutsa tili m'tulo.

Amayi a ku Mkanda, pepala lilipo. Monita wathu ndi mtsikana wa kwaya, analiika m'Baibulo lake, lili bwinobwino ndipo 174 akuoneka poyera, 7 wake ali ndi kamzere pakati. Kungoti mwini wake ali ku maliro ku Santhe, abwera mawa madzulo. Ndalankhulanso ndi monita wa mayi wina amene anathera pa nambala 4, akuti akayang'ana m'chikwama.

Bambo a ku Kamwendo, mawu anu ndawawerengera atsibweni pa foni osachotsapo kanthu. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati ng'ombe imodzi akhoza kugulitsa, koma ziwiri ayi. Akuti chimene chikuwawawa si mpando, koma anthu 60 amene anaima pa mzere padzuwa n'kusanduka ngati sanabwere. Achimwene akadali pa maganizo awo odikira kalata, koma mayi awakalipira ndipo asiya kuyankha.

Ndili ndi mafunso ena awiri. Tikumva kuti opambana alumbiritsidwa posachedwa. Akalumbira ndiye kuti basi zatha? Chachiwiri, ngati pofika tsiku lomaliza mboni zina sitinazipeze, tidikire kuti zonse zikwane kapena tipite ndi zomwe tili nazo?

Kalaliki wopuma, Area 25

Kulumbira sikutseka mlandu, Nabanda. A Mutharika analumbira pa 28 May 2019, tsiku lotsatira chilengezo, ndipo khothi linadzafafaniza chisankhocho patapita miyezi isanu ndi itatu. Aphungu enanso a chisankho chomwecho, monga a Nsanje North ndi Nsanje Central, anakhala m'nyumba ya malamulo mpaka khothi linalamula kuti anthu akavotenso mu 2021. Chimene chimatseka mlandu usanayambe ndi kuchedwa. Loya wa mbali inayo akalandira mapepala anu, chinthu choyamba kuyang'ana si 174 kapena 114 ayi, ndi deti ya chidindo cha khothi. Akapeza kuti mwapyola ndi tsiku limodzi, adzaimirira n'kupempha kuti mlandu uthere pomwepo, ndipo Baibulo la mtsikana uja silidzatsegulidwa n'komwe.

Pa funso lachiwiri, musadikire. Pitani ndi zomwe muli nazo, loya ndi amene akaone zoyenera kulowa tsiku loyamba ndi zimene zingatsatire pambuyo. Zimene muli nazozo si zochepa. Pa apilo ya 2020 ija, Supreme Court inanena kuti wodandaula akaonetsa umboni woyamba wooneka kuti china chake chinalakwika, udindo umasamukira kwa oyendetsa chisankho kuti aonetse kuti zinayenda bwino. Pepala losainidwa la pa senta limene likusiyana ndi zophatikizidwa, pa mpikisano wosiyana mavoti 38, ndi poyambira pabwino. Sindikulonjeza kuti mupambana, zimenezo ndi za woweruza.

Loya muyambe kumufufuza lero pa foni, musadikire kuti mufike kaye ku Lilongwe. Pomuimbira, mawu oyamba akhale oti ndi mlandu wa chisankho ndipo zotsatira zinalengezedwa tsiku lakuti, kuti adziwe kuti si nkhani yoti "mubwere sabata ya mawa". Mufunseni mtengo wonse poyera atsibweni ali pomwepo, poti ng'ombe ndi imodzi. Mukhozanso kufunsa ku Legal Aid Bureau ngati angakuthandizeni, koma kufunsako kuchitike mbali imodzi uku mukuyenda.

Mtsikana wa ku Santhe uja musamudikire kuti abwerere kumudzi. Santhe ili kale mbali ya kuno, mutumizireni ya thiransipoti, wina akatenge Baibulolo kunyumba kwake, mukakumane ku Lilongwe. Iyenso adzafunika kulumbira pa zimene anaona pa senta. Atsibweni anyamule chitupa chawo cha unzika, mapepala oonetsa kuti anavomerezedwa kupikisana nawo, kope ya kalata ija, ndi mankhwala awo a BP. Inu nyamulani kope la masamu ndi foni yotchaja.

Kukhothi fikani mmawa. Pali ndalama yolipira popereka mapepala, pali mzere kwa kashiya, ndipo sabata ngati ino odandaula za chisankho amakhala ambiri. Musachoke pa kauntala musanalandire lisiti ndi kope yanu yodindidwa chidindo chokhala ndi deti ya tsikulo, ndipo detiyo muiwerenge ndi maso anu musanatuluke panja. Mukatero loya akuuzani za kukapereka mapepalawo kwa MEC ndi kwa amene analengezedwa kuti wapambana, chifukwa onsewo ayenera kudziwitsidwa.